Mlandu wa mapiritsi anayi

M'mudzi wina kuseri kwa Dyeratu, m'boma la Chikwawa, muli agogo aamuna amene anakhalapo nduna ya amfumu kwa zaka zambiri. Ukalamba unawachotsa pabwalo la milandu, koma chizolowezi choweruza sichinawachoke. Choncho atapita kuchipatala ndi miyendo yotupa komanso befu, n'kubwerako ndi timapepala tinayi ta mapiritsi, sanachedwe kugamula. Mtundu umodzi anaupeza wakhama. Itatu inayo anaitsekera m'chitini, chitinicho n'kuchikweza pamwamba pa khoma pomwe amasungapo malisiti akale a thonje.

Anachigwetsa ndi mdzukulu wawo wamkazi, akusesa akangaude. Mtsikanayu anaphunzira za mankhwala ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo amagwira ntchito m'famase ina ku Limbe. Anali atatsika Thabwa m'mawa wa Loweruka ndi shuga, sopo ndi buledi, osadziwa kuti akubwera kudzaima pamlandu.

"Agogo, izi n'chiyani?"

"Akaidi amenewo, mkazi wanga. Abwezere momwemo, sanamalize chilango."

"Analakwanji?"

"Ulesi ndi chipongwe." Agogo anatulutsa m'thumba la malaya kapepala kachinayi, kotsala pang'ono kutha. "Uyu yekha ndiye munthu. Ndikamumwa m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu ndapita kuseri kasanu. Madzulo nsapato zikulowa, usiku ndikugona ndi pilo mmodzi. Ntchito yooneka ndi maso. Koma uyo wagwira kumanjayo anandipatsa chifuwa chouma, khosokhoso usiku wonse mpaka agogo ako aakazi anasamukira pakhonde. Mnzakeyo nditamumwa thupi lonse lefu, kudzuka pampando chizungulire. Wachitatuyo sindinamulawe n'komwe. Mbiri yake ndinaimva pamzere kuchipatala konkuja."

"Mbiri yanji?"

Agogo anasuzumira kukhitchini, natsitsa mawu. "Akuti amameretsa mabere mwamuna."

"Akamera mudzandithandiza kulera ana a mkazi mnzangayo!" anafuula agogo aakazi, amene makutu awo amagontha pokhapokha wina akamawabwereka mchere.

Mtsikana anatsegula buku la kuchipatala. Adokotala analemba mwachidule: mtima wofooka, gawo lachiwiri. Mtima wofooka si mtima umene watsala pang'ono kuima. Umagundabe, koma supopa magazi okwanira thupi, ndiye madzi amayamba kuunjikana m'miyendo ndi m'mapapo. Madokotala amagawa matendawa panayi potsata muyezo wa New York Heart Association. Wa gawo loyamba samva chilichonse, wa gawo lachinayi amabanika ngakhale ali chikhalire. Agogo ali pachiwiri. Akakhala pansi pa msawu ali bwinobwino, koma pochokera kudimba amaima kawiri panjira n'kumanamizira kuti akuwerenga mbuzi za eni. Sikani inasonyeza kuti pa magazi odzaza m'chipinda chachikulu cha mtima wawo, 35 okha pa 100 ndi amene amatuluka ukagunda kamodzi, pomwe mtima wabwinobwino umatulutsa oposa theka.

Gwero lake ndi BP imene anayenda nayo zaka zambiri osaidziwa, ndipo pamenepa sali okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ambiri a iwo osamwa mankhwala alionse.

"Amene mukumutamayu ndi furosemide," anayamba mtsikana. "Amauza impso kuti zitaye mchere ndi madzi. Ndi wofunikadi, musamusiye. Koma mtima weniweniwo saukonza. Palibe kafukufuku wamkulu amene anasonyezapo kuti iye payekha amatalikitsa moyo wa munthu. Amene anasonyeza zimenezo ndi awa mwawatsekerawa."

"Iwe, lankhula za kuno. Za ku Limbe uzikawauza a ku Limbe."

"Chabwino. Ng'ombe yanu yokalamba ija ikukoka ngolo ya thonje, yafika pachitunda, thovu layamba kukamwa. Furosemide ndi kutsitsako mabelo angapo. Enalapril, wa chifuwayu, amamasula mitsempha ya magazi, ndiye kuti chitunda chija chasanduka chidikha. Carvedilol, amene mukuti amafoolayu, amagwira dzanja la mnyamata woyendetsa kuti asiye kuithamangitsa, iziyenda pang'onopang'ono koma ikafike."

"Nanga mkwapulo? Ng'ombe pachitunda imafuna mkwapulo."

"Ulipo. Dzina lake ndi digoxin."

"Ameneyo!" Agogo anamenya bondo. "Mnzanga wa kutsidya kwa Shire amamwa ameneyo, kamodzi patsiku, akuti mtima umachita kumveka kuti di! di! Ine anandimaniranji? Kapena ndi wa anthu odziwika?"

Apa mtsikana anayamba kufotokoza mbiri ya mankhwalawo, kuiwala kuti pa nkhani zakale agogo ndiye eni bwalo. Digoxin amachokera ku duwa la ku Ulaya lotchedwa foxglove. Mu 1785 dokotala wa ku Birmingham, William Withering, anatulutsa buku lofotokoza zimene anaona kwa zaka 10 pa odwala oposa 150, ambiri a iwo otupa thupi. Iye mwini analemba kuti nzeruyo inachokera ku mankhwala a mayi wina wokalamba wa ku Shropshire, amene ankasakaniza zitsamba 20 kapena kuposa n'kumachiza otupa amene madokotala anali atawalephera. Withering anazindikira kuti chogwira ntchito mwa zitsamba zonsezo chinali foxglove, ndipo khama lake lalikulu linapita pofuna muyezo woyenera, poti duwalo ukangoonjeza pang'ono limapha. Digoxin weniweni wa m'mapiritsiyu anadzamupatula mu 1930 kuchokera ku mtundu wina wa duwa lomwelo.

"Mayiyo dzina lake ndani?"

"Sanalilembe."

"Pachikuto cha bukulo pali dzina la ndani?"

"La dokotalayo."

"Mlandu umenewu ndinauweruzapo kambirimbiri," anatero agogo akugwedeza mutu. "Wolima wina, wokolola wina. Ndipo usapite kutali ku Ulayako. Kombe ukumudziwa iwe?"

Mtsikana ankamudziwa kombe wa m'buku. Agogo ankamudziwa kuchokera kwa agogo awo, amene anali alenje. Anafotokoza za chomera choyanga m'mitengo ya m'nkhalango, chobala zipatso zazitali ziwiriziwiri, chimene nthangala zake ankazisinja n'kupanga ulembe wopaka kumivi. Njati ikalasidwa inkayendabe, alenje akuitsata chapatali osapupuluma, mpaka khu! pansi. Ankacheka nyama yozungulira bala n'kutaya, yotsalayo mudzi wonse n'kudya popanda wodwala.

Zotsalazo anamaliza mdzukulu. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu Shire muno kuyambira 1859, anaika ulembewo m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo mtima wake, umene unkathamanga chifukwa cha chimfine, unatsika liwiro. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaufufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 anaulengeza ngati mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ogwira ntchito mofanana ndi foxglove. Nthangala za kombe zinayamba kutumizidwa ku Ulaya kuchokera m'dziko lino.

"Ndiye mzungu anatsuka mano ndi ulembe n'kutchuka nazo? Akanakhala mwana wa kuno tikanamukwapula chifukwa chosasamala. Basi, ndipatse wa makolo angayo."

"Madokotala anamusiya kalekale. Ndipo musayerekeze kukamufuna kuthengo, agogo. Muyezo wochiza munthu ndi muyezo wogwetsa njati zayandikana kwambiri."

Agogo anakhala tsonga, nakoka malaya monga ankachitira pabwalo. "Ukuti akaidi angawa amaposa mkwapulo. Mboni zili kuti?"

Mboni zinalipo, ndipo mtsikana anayamba ndi imene inaika mankhwala awiriwa maso ndi maso. Mu 1988 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa odwala 300 a mtima wofooka pang'ono kapena wofooka mwapakatikati. Onse ankamwa okodzetsa. Anawagawa patatu mwamaere: ena anapatsidwa captopril, amene ndi mkulu wake wa enalapril, ena digoxin, ena piritsi lopanda mankhwala. Wodwala sankadziwa chimene akumwa, dokotala womuona nayenso sankadziwa.

"Lopanda mankhwala? Ufa?"

"Tingoti ufa."

"Sing'anga wa kuno akapatsa munthu ufa mumamuitanira apolisi. Akachita azungu mukuti kafukufuku."

"Odwalawo amauzidwiratu, ndipo amavomera okha. Popanda gulu limenelo simungadziwe ngati munthu wapeza bwino chifukwa cha mankhwala kapena chifukwa chongokhulupirira."

Patatha miyezi 6, a digoxin sikani inaonetsa mitima yawo ikufinya mwamphamvu kuposa poyamba. A captopril ndi amene ankatha kuyenda nthawi yaitali asanatope. Magulu awiri onsewa ankagonekedwa m'chipatala kochepa poyerekeza ndi a ufa aja.

"Ndiye palibe wopambana. Aliyense alipire nkhuku, azipita kwawo."

"Miyezi 6 ndi yochepa kuti muwerenge maliro, agogo. N'chifukwa chake anachita ena akuluakulu." Mu 1991, kafukufuku wa SOLVD anatsata odwala 2,569 kwa zaka pafupifupi zitatu ndi theka. Mwa amene sanalandire enalapril anamwalira 40 pa 100 alionse. Mwa amene analandira anamwalira 35.

"Asanu okha? Chifuwa chonse chija n'kupulumutsa anthu asanu?"

"Asanu pa 100 alionse, ndi kapiritsi kamodzi kotchipa. Mmodzi mwa asanuwo atakhala inu mungati ndi ochepa?"

Agogo sanayankhe. Anangofunsa za mkwapulo wawo, ndipo yankho silinawakomere. Mu 1997 kafukufuku wa odwala 6,800 a ku America ndi Canada anapeza kuti patatha zaka zitatu, omwalira anali 35 pa 100 mbali zonse ziwiri, omwa digoxin ndi osamwa omwe. Chimene digoxin anachita n'kuchepetsa ogonekedwa chifukwa cha kukula kwa matendawo, ndipo chimenecho si chinthu chaching'ono kwa banja lodikirira wodwala pachipatala. N'chifukwa chake sanamutaye. Amamusungira amene akuvutikabe ngakhale akumwa enawa, kapena amene mtima wawo umagunda mosokonekera, mwina ngati mnzawo wa kutsidya uja. Koma ndi mankhwala ofuna maso. Impso za nkhalamba sizimutulutsa msanga, ndipo furosemide akakokolola mchere wa potaziyamu m'thupi, digoxin amalusa: nseru, kusanza, kuona zinthu zonse zachikasu, mtima kudumphadumpha.

Panalinso mkwapulo wina wamphamvu kuposa digoxin, wotchedwa milrinone. Unkafinyitsa mtima bwino lomwe, ndipo madokotala ambiri anali ndi chiyembekezo chachikulu. Atauyesa ngati piritsi la tsiku ndi tsiku pa odwala 1,088 odwalika kwambiri, zotsatira za mu 1991 zinaonetsa kuti imfa zachuluka ndi 28 pa 100. Nkhani imeneyi ndi imene inaphunzitsa madokotala kusadalira chithunzi chokongola cha sikani.

"Nanga chifuwa? Kapena nachonso mumachiwerengera ngati phindu?"

"Ayi, chimenecho n'chenicheni, ndipo si inu nokha. Ndi khalidwe la banja lonse la mankhwalawa, kuyambira kholo lawo." Kholo lake ndi njoka. M'zaka za m'ma 1960, Sérgio Ferreira wa ku Brazil anapeza mu ululu wa njoka yotchedwa jararaca chinthu chimene chimagwetsa BP ya nyama yolumidwa. Akatswiri a kampani ya Squibb anatengera pomwepo n'kupanga captopril, amene analoledwa ku America mu 1981.

Agogo anawerenga ndi zala. "Duwa lakupha. Ulembe wa muvi. Ululu wa njoka. Mai ako anagulitsa mbuzi kuti ukaphunzire ufiti wa satifiketi."

"Ufiti wake ndi womwewo wa muyezo. Koma mverani. Chifuwacho mukanabwerera kuchipatala akanakusinthirani. Pali losartan, amagwira ntchito yofanana koma satsokomoletsa kawirikawiri. Chimene simuyenera kudikira nacho mpaka mawa ndi ichi: milomo kapena lilime zikatupa mutamwa enalapril, pomwepo kabaza, kuchipatala. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa ife anthu akuda kuposa azungu."

"Ndimati ndimupatse mpongozi wa kwa aneba. Nayenso miyendo yatupa."

"Woyembekezera uja? Agogo! Enalapril amaononga mwana m'mimba. Asamulawe n'komwe. Kutupa kwake n'kwina, apite kusikelo."

Pa carvedilol, agogo anali ndi madokotala akale kumbali yawo, ndipo mdzukulu sanabise. Kwa zaka zambiri mabuku ankaletsa kupereka mankhwala a mtundu umenewu kwa munthu wa mtima wofooka. Zinkaoneka zomveka: mtima wafooka kale, nanga uuchedwetserenji? Mu 1975 Finn Waagstein ndi anzake ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anafalitsa zoti odwala ochepa amene anawapatsa mankhwalawa anapeza bwino. Ambiri sanawakhulupirire. Panatenga zaka zoposa 20 kuti nkhaniyi ithe. Mu 1999 kunatuluka makafukufuku awiri, wina wa bisoprolol pa odwala 2,647, wina wa metoprolol pa odwala 3,991, ndipo onse anapeza imfa zitachepa ndi 34 pa 100. Carvedilol naye anasonyeza zofanana. Chimachitika n'choti mtima ukafooka thupi limachita mantha n'kumatulutsa michere youthamangitsa usana ndi usiku, ndipo kuthamanga kumeneko n'kumene kumaumaliza. Mankhwalawa amatseka njira ya michereyo.

"Koma amafooladi," anaumirira agogo.

"Masabata oyambirira, inde. N'chifukwa chake amayamba ndi kamuyezo kakang'ono n'kumakweza pang'onopang'ono. Phindu lake limadzaoneka patatha miyezi ingapo. Inu munamuweruza patatha masiku angati?"

"Anayi."

"Atatu," anakonza agogo aakazi ali kukhitchini.

Anatsala wa mabere uja, spironolactone. Mtsikana akanatha kunama kuti ndi mphekesera za pamzere, koma sanatero. Pa kafukufuku wa mu 1999 wa odwala 1,663, mwamuna mmodzi mwa 10 alionse anamva kupweteka kapena kutupa mabere. Pa kafukufuku yemweyo imfa zinachepa ndi 30 pa 100, moti anamuimitsa nthawi isanakwane kuti a ufa aja nawonso alandire. Amenewo anali odwalika kwambiri. Kwa a gawo lachiwiri ngati agogo, umboni unabwera pambuyo pake ndi m'bale wake eplerenone, amene anamuyesa pa odwala 2,737: imfa za mtima pamodzi ndi kugonekedwa zinachepa ndi 37 pa 100, ndipo iye satupitsa mabere kawirikawiri.

"Mmodzi mwa 10," agogo anabwereza. "Mwayi wanga ndimaudziwa. Pa makuponi a fetereza dzina langa silituluka, koma pa mabere lidzatuluka loyamba."

"Likatuluka mudzanena, adzasintha. Simudzafika pogula kamisolo."

Kenako agogo anafunsa funso limene linamuimitsa mtsikanayo, ndipo kunena zoona ndi funso labwino kuposa ambiri amene amafunsidwa m'kalasi.

"Anthu onsewa ukuwawerengawa, masauzande awa, alipo wa ku Chikwawa? Wa ku Nsanje? Alipo amene amadya nsima ya mapira n'kumalima dzuwa la kuno?"

Analibe wa kumuloza. Makafukufuku akuluakuluwa anachitikira makamaka ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri mwa odwalawo anali amuna achizungu amene mitima yawo inafooka chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Kuno nkhani ndi ina. Kafukufuku wa mu 2012 wotchedwa THESUS-HF, amene mmodzi mwa atsogoleri ake anali Albertino Damasceno wa ku Maputo, anaona odwala 1,006 m'maiko 9 a kum'mwera kwa Sahara. Zaka zawo zinali 52 pa avereji, ang'onoang'ono poyerekeza ndi a ku Ulaya, ndipo choyambitsa chachikulu chinali BP. Kutsekeka kwa mitsempha kunali kochepa. Enanso anali ndi zitseko za mtima zoonongeka kuyambira ali ana chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa, ndipo amenewo chithandizo chawo n'china.

Chapafupi chimene mtsikana anapeza chinali cha anthu akuda a ku America. Mu 2004, pa kafukufuku wa odwala 1,050, ena anawaonjezera mankhwala awiri akale, hydralazine ndi isosorbide dinitrate, pamwamba pa amene ankamwa kale. Mwa amenewa imfa zinachepa ndi 43 pa 100.

"Amenewo ndi abale athu?"

"Khungu lokha, agogo. Si Amang'anja. Koma zikuonetsa kuti funso lanulo ndi loona, mankhwala sagwira mofanana pa anthu onse. Ndipo awiriwa amathandizanso munthu amene impso zake zakana enalapril ndi losartan."

"Lemba kuti nduna yapambana pamenepo."

"Ndalemba."

Atalimba mtima ndi chipambanocho, agogo anafuna kudziwa ngati kulibe atsopano, poti zaka zambiri zimene ankamvazo zinali za nthawi ya Kamuzu ndi Bakili. Alipo. Mu 2014 piritsi lophatikiza sacubitril ndi valsartan analipikisanitsa ndi enalapril yemweyo pa odwala oposa 8,000, ambiri a iwo a gawo lachiwiri, ndipo linachepetsa imfa za mtima ndi kugonekedwa ndi 20 pa 100. Mu 2019 dapagliflozin, amene anapangidwira matenda a shuga, anathandiza odwala mtima 4,744, a shuga ndi opanda shuga omwe, ndi 26 pa 100. Masiku ano madokotala a mtima safunsanso kuti wopambana ndani pakati pa mankhwalawa. Amafuna wodwala amwe mitundu inayi pamodzi, wa banja la enalapril kapena watsopano uja, wa banja la carvedilol, wa banja la spironolactone ndi wa banja la dapagliflozin, wokodzetsa n'kumangothandizira madzi akachuluka.

"Amenewo ali m'famase mwanu?"

"Amapezeka m'mafamase ena m'tauni."

"Mbuzi zingati?"

"Vuto si mbuzi za mwezi umodzi, agogo. Ndi za mwezi uliwonse mpaka kalekale. Khola lanu silingapirire. Koma atatu mwa anayiwo muli nawo kale, aulere, ndipo mwawatsekera m'chitini."

Agogo anatenga chitinicho, nachigwedeza. "Basi, ndawakhululukira. Tunga madzi ndimwe onse pompano."

"Ayi! Mwakhala masabata osamwa. Mukawameza onse lero BP igwa, tikutolani pansi. Lolemba tipita limodzi kuchipatala, chitini m'manja, mukanene zoona zonse. Akayeze BP, akayeze magazi aone impso ndi potaziyamu, akuyambitseninso mmodzimmodzi. Ndipo aka n'kachiyani?"

Pansi pa chitini panali kapepala kena ka makapusozi ogula pagolosale. Anali Indocid, wa msana.

"Ameneyo si mkaidi, ndi mlendo. Amangogona momwemo."

"Mlendo ameneyu ndi Brufen amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi. Zimene furosemide watulutsa m'mawa, iwo amabweza madzulo. Msana ukavuta imwani Panado." Anatembenukira kukhitchini. "Agogo aakazi, ndiwo zawo muzichepetsa mchere. Soda wa m'therere nayenso ndi mchere womwewo."

"Ndiye ndizithira chidulo."

"Chidulo ndi phulusa, muli potaziyamu wambiri, ndipo spironolactone ndi enalapril amasunga kale potaziyamu m'thupi. Akachuluka amasokoneza mtima."

Agogo aakazi anatulukira pakhomo ndi mthiko m'manja. "Therere lopanda soda, lopanda chidulo, ndiye therere lanji, mkazi mnzanga? Bwera udzamuphikire wekha mwamuna wakoyu, ine ndatopa naye."

Panatsala nkhani ya sikelo. Munthu wa mtima wofooka amayenera kudziyeza kulemera pafupipafupi, nthawi yofanana, chifukwa madzi amayamba kuunjikana miyendo isanaonetse. Makilo awiri akaonjezekera m'masiku atatu, si kunenepa, ndi madzi, ndipo ayenera kupita kuchipatala. Koma sikelo yapafupi m'mudzimo ndi ya venda wogula chitowe ndi thonje pamsewu.

"Ya mbava ija? Imadya makilo awiri pathumba lililonse. Ndinaweruzapo mlandu wake."

"Izidya, bola izidya mofanana tsiku lililonse. Ife tikufuna kusintha kwake, osati kulemera kwanu kwenikweni."

"Ndiye ndizikakolekedwa pa mbedza ngati thumba, ana asukulu akuonerera?"

"Ndidzakubweretserani yopondapo mwezi wamawa."

Agogo anaganiza kwa kanthawi, akuyang'ana timapepala tinayi tili ndandanda pamphasa. Kenako anakweza chala.

"Lolemba ndipita. Koma wokodzetsayu ndikamwera komweko tikafika. Ulendo watha ndinamumwa ndisananyamuke, ndipo wakabaza anandilipiritsa kawiri chifukwa choimaima."